Fyuzi ikapsa kawiri, musaikemo waya

Mwezi wa June ukangolowa ndimadziwiratu zomwe zibwere pa galaja. Chimanga chalowa m'nyumba, usiku kukuzizira, ndipo m'mawa pamafika munthu ndi mawu omwe aja: "Amisiri, dzulo ndinaiimika ili bwinobwino, lero ikukana kulira." Asanamalize n'kufotokoza komwe, wanena kale kuti vuto ndi batire, kapena kuti kompyuta ya galimoto yafa. Ndikatsegula boneti, fungo la mkodzo wa khoswe ndi lomwe limayamba kundilonjera. Pamwamba pa batire pali makoko a mtedza, mu bokosi la air filter muli chimanga chodzaza manja awiri.

Khoswe safuna waya wanu kuti akhute. Mano ake akutsogolo amakula moyo wake wonse, ndiye amangotafuna chilichonse cholimba chomwe chili pafupi. Injini yomwe mwangoizimitsa madzulo imakhala yofunda kwa maola angapo, muli mdima, ndipo mphaka salowamo. Ngati chakudya chili pafupi, basi wapeza nyumba. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo muinjini ndi chimodzimodzi: malo omwe amakonda ndi omwe dzanja silifika, kuseri kwa injini, pansi pa manifold (mapaipi olowetsa mpweya muinjini), m'mbali mwa bokosi la mafyuzi.

Koma chomwe chandilembetsa si khoswe ayi. Ndi zomwe anthu amachita khoswe akadya kale.

Mayi wina wogulitsa zovala anali ndi Toyota Sienta. Galimoto inakhala milungu itatu osayenda nthawi yomwe mafuta ankasowa, itaimikidwa m'khonde moyandikana ndi matumba a chimanga. Ataipezera mafuta inalira ndithu, koma fyuzi imodzi inkangopsa. Anandiimbira foni, ine n'kuwauza kuti asayendetse, ndibwera kudzaona Lolemba. Iwo anali ndi ulendo Loweruka. Anapita kwa munthu wina wapansi pa mtengo, yemwe anachotsa fyuzi yopsayo n'kukulungamo kawaya ka kopa. Anamulipira ndalama yochepa, zonse n'kuyamba kugwira ntchito. Atayenda pang'ono utsi unayamba kutuluka pansi pa dashibodi, ana awiri ali kumbuyo. Anatuluka onse amoyo, koma pomwe anthu ankathamangira mchenga ndi madzi, kutsogolo konse kunali kutapita. Nditakaiona ndinapeza pomwe khoswe anasenda: mawaya awiri okha, malo osaposa chala. Ntchito ya ola limodzi. Mpaka lero ndimalakalaka ndikanangotseka galaja tsiku lomwe anaimba lija n'kupita.

Fyuzi inaikidwa kuti izipsa. Waya wosendeka ukakhudza chitsulo cha galimoto, batire imakankha mphamvu yochuluka kwambiri nthawi imodzi, ndipo fyuzi imaduka kuti wayayo asayake. Yofiira ndi ya 10A, yabuluu 15A, yachikasu 20A, ndipo nambala imeneyo inasankhidwa molingana ndi kunenepa kwa waya womwe ikuteteza. Mukaikapo ya 30A pamalo pa ya 10A, kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, vutolo silinathe, mwangochotsa mlonda. Tsopano chomwe chipse ndi waya, ndipo waya umenewo wamangidwa mtolo umodzi ndi anzake ambiri, nthawi zina pafupi ndi paipi ya petulo. Aliyense wokuuzani kuti "tingoidutsitsa kaye mufike kunyumba", mulandeni makiyi.

Enanso ndi aja opotokola mawaya ndi zala n'kukulunga tepi yakuda. Muinjini mumatentha, guluu wa tepi amasungunuka, dzinja likafika madzi amalowa, kopa n'kuchita dzimbiri lobiriwira. Patapita miyezi galimoto imayamba kuzima pa mahampu, ndipo palibe amakumbukira za khoswe uja. Mumayamba kugula mapulagi, ma coil, pampu ya mafuta, zonse zabwinobwino. Kakonzedwe koyenera n'kudula mbali yonse yodyedwa, kuikapo waya wonenepa mofanana, kulumikiza ndi solder (mtovu wosungunula) kapena cholumikizira chofinya bwino, kuveka heat shrink (kapaipi komwe kamafinya waya kakatenthedwa), kenako kubwezera mtolo wonse m'paipi yake yapulasitiki n'kuumanga pomwe unali. Ndipo mmisiri atsate mtolowo mpaka kumapeto, chifukwa khoswe sadya malo amodzi okha.

Pali mawaya ena omwe sindifuna n'komwe kuti muwakhudze. Masensa ambiri, tizipangizo touza kompyuta zomwe zikuchitika m'galimoto, amagwira ndi mavoti 5 ochokera ku kompyuta. Wina akamayesa mwachisawawa n'kugunditsapo mavoti 12, kompyuta yomwe inali yamoyo ikhoza kufa pomwepo, ndipo mlandu amaupereka kwa khoswe. Mawaya awiri opotana, omwe makompyuta a m'galimoto amalankhulirana, ayenera kukhalabe opotana akalumikizidwa. Okhala ndi zolumikizira zachikasu ndi a airbag, sayesedwa ndi kababu. Ndipo inu a galimoto zoyendera petulo ndi magetsi monga Aqua, Prius ndi Fit Hybrid, mukaona waya wonenepa wa olenji wadyedwa, musaugwire, musalizenso galimoto. Mmenemo mumadutsa mavoti oposa 100, okwanira kupha munthu.

Za kupewa, anthu amafuna ndiwauze mankhwala. Ndimayamba ndi funso: mumaimika pati? Ngati ndi pafupi ndi matumba a chimanga, madeya a nkhuku, dzala kapena udzu wautali, palibe mankhwala omwe angakuthandizeni. Sunthani galimoto kapena sunthani chakudyacho. Sesani nyenyeswa za mabisiketi ndi mtedza zomwe ana amagwetsa pansi pa mipando. Galimoto ikakhala yosayenda, tsegulani boneti masiku awiri kapena atatu aliwonse, muilize, muisunthe pang'ono. Khoswe sakhazikika pamalo posokonezedwa. Tcherani misampha pafupi ndi matayala, poti ndi pomwe amakwerera. Kampani ya Honda imagulitsa tepi yokhala ndi mankhwala owawa a mu tsabola yokulungira mawaya, ndipo imathandiza pamalo pomwe mwakulungapo pokha. Tsabola wa kambuzi wowaza ndi zonunkhira zina zimatha mphamvu m'masiku ochepa.

Tameki ndiye ayi, chonde. Ndi poizoni wopha munthu, ndipo pakhomo pali ana, agalu ndi nkhuku. Komanso khoswe wodya poizoni amakafera mkati mwa njira za mpweya, kuseri kwa dashibodi, ndipo kuti timuchotse timamasula theka la galimoto.

Mukapeza chisa, musachipukuse ndi mpweya kapena kuchigwira ndi manja. Mkodzo ndi ndowe za makoswe zimafalitsa matenda. Valani magolovesi, nyowetsani kaye ndi madzi a sopo, chotsani, ndipo tsukani malowo kuti fungo lithe, poti fungo lomwelo ndi lomwe limaitana anzake. Mukamatsuka musathire madzi pa bokosi la mafyuzi ndi pa zolumikizira. Mukaona ngakhale waya umodzi kopa ali pamtunda, zimitsani, masulani waya wa negative pa batire, galimoto ikhale pomwepo mpaka mmisiri wa zamagetsi afike.