Si udzudzu uliwonse umene umafalitsa malungo

Ambiri m'tauni amaloza ngalande zonunkha kuti ndiye gwero la malungo. Komatu udzudzu woswana m'madzi onyansa otere kawirikawiri ndi Culex: umalira kukhutu, umaluma, koma malungo sufalitsa. Wofalitsa ndi Anopheles waukazi, ndipo ulipo wa mitundu ingapo. Gambiae ndi arabiensis umakonda zithaphwi za mvula zoombedwa dzuwa, monga maenje oumbira njerwa, pomwe funestus umakonda madambo a udzu. Stephensi, wochokera ku Asia, unapezeka m'dziko la Djibouti, mu Africa muno, mu 2012. Uwu umaswana m'matanki ndi m'migolo yosavindikira.

Anopheles ukatera pakhoma umazondoka, mimba m'mwamba. Kwirirani maenjewo, mgolo muzikhuthula sabata iliyonse, chifukwa kukatentha dzira limasanduka udzudzu wouluka m'masiku pafupifupi 10.