Nkhondo ya Angerezi ndi Mabuno inali ya voti kapena ya golide?

Mkangano wa chimene chinayambitsa nkhondo ya Angerezi ndi Mabuno ya 1899 mpaka 1902 sunathe mpaka lero, ena amati zinali ndale basi, Britain inkafuna kuti ikhale tambala mmodzi kumwera konse kwa Africa, ena amati ayi inali nkhondo ya eni migodi. Kuti timvetse tiyambe taona kaye mwala wake.

Golide anapezeka ku Witwatersrand mu 1886, pomwe pali Johannesburg lero, Joni yemweyu amene agogo athu ambiri anakasiyako mphamvu zawo. Golide wa kumeneko si wotola mumtsinje, ali m'kati mwa thanthwe ndipo ndi wochepa zedi, umaphwanya tani yathunthu ya miyala kuti upeze kakang'ono koti sikangadzaze ndi kasupuni ka tiyi komwe, ndipo ukamamulondola amanka nalowera pansi. Mtengo wake sunkasinthanso chifukwa paundi ya Britain inkatsamira pa golide, nde mwini mgodi sakanati ndikweze mtengo, phindu lake linali pa kutchipa kwa dainamaiti, njanji ndi anthu okumba basi. Zonsezo zinali m'manja mwa Paul Kruger, pulezidenti wa Transvaal, dziko la Mabuno lomwe munali migodiyi. Dainamaiti analola kampani imodzi yokha kuti izigulitsa ndipo inkadula, kenako mu 1895 anatsegula njanji yopita ku Delagoa Bay, komwe kuli Maputo pano, kuti asamadalirenso madoko a Angerezi. Pofika 1898 dziko lomwe linali la alimi osauka linkatulutsa pafupifupi kota ya golide yense wa padziko lapansi.

Chifukwa chimene Britain inkauza anthu chinali voti. Azungu obwera amene anadzaza Joni, Mabuno ankawatcha Uitlanders, ankakhoma misonkho yambiri koma kuti avote ankayenera kudikira zaka 14, Kruger ankadziwa kuti akawapatsa voti msanga dziko lapita.

Cecil Rhodes, amene anali nduna yaikulu ya Cape komanso mwini migodi nthawi imodzi, anayamba wayesa njira yachidule. Kumapeto kwa Disembala 1895 mnzake Leander Starr Jameson analowa mu Transvaal ndi anthu pafupifupi 600 okwera pa mahatchi poganiza kuti a ku Joni aukira boma, koma palibe anadzuka ndipo pa 2 Januwale 1896 anagwidwa ku Doornkop. Jameson ameneyu ndi yemwe dzina lake linali pa tauni ya Chipata, ija inkatchedwa Fort Jameson. Rhodes anatula pansi udindo, mfumu ya Germany inatumiza telegalamu yoyamikira Kruger, ndipo Kruger anayamba kugula mfuti za Mauser zankhaninkhani.

Pa msonkhano wa ku Bloemfontein chapakati pa 1899 Alfred Milner, woimira Britain, anati zaka zodikira voti zikhale 5, Kruger anati 7, osamvana. Mu Ogasiti Transvaal inavomera zaka 5 zomwezo bola Britain isiye kulowerera pa nkhani zake, zinakanikabe, asilikali a Britain ali m'zombo akubwera. Kruger anapereka maola 48 kuti abwerere ndipo pa 11 Okutobala nkhondo inayamba.

Amene amati zinali ndale ali ndi mfundo zawo ndipo sindikuzipeputsa. Si eni migodi onse ankafuna nkhondo, migodi yambiri inaima nthawi yankhondoyo ndipo anataya ndalama, komanso Milner ndi Joseph Chamberlain, nduna ya Britain yoona za maiko a atsamunda, sanali anyamata a ganyu a munthu, mantha awo anali akuti Transvaal yolemera komanso yogwirizana ndi Germany ikoka madera a Angerezi a Cape ndi Natal n'kuchoka m'manja mwa Britain, njira ya panyanja yopita ku India n'kukhala pachiswe. Koma funso langa ndi ili, chinapangitsa Transvaal kukhala yoopsa n'chiyani? Mu 1881 Mabuno omwewa atagonjetsa Angerezi paphiri la Majuba, Britain inangowabwezera dziko lawo n'kuchokapo, nthawi imeneyo golide wa ku Joni anali asanapezeke. Zaka 18 pambuyo pake inatumiza asilikali pafupifupi 450,000 ndi kuwononga mapaundi opitirira 200 miliyoni kulimbirana dziko lomwelo. Kwa ine ndale ndi chuma apa ndi nsima ndi ndiwo za mbale imodzi, koma amene anasonkha moto ndi golide.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mkanganowu nthawi zambiri umakambidwa ngati m'dzikomo munali azungu okhaokha. Asilikali a Kitchener, mkulu wankhondo wa Britain, ankatentha nyumba ndi mbewu, kupha ziweto, n'kutengera anthu m'makampu a matenti momwe chikuku ndi taifodi zinkasesa ana. Azimayi ndi ana a Mabuno oposa 26,000 anafera mmenemo ndipo amakumbukiridwa, ali ndi chipilala chawo ku Bloemfontein. Anthu akuda anali ndi makampu awoawo, anafa osachepera 14,000 ndipo ambiri manda awo alibe dzina. Britain inkanenanso kuti Mabuno akuzunza anthu akuda, ambiri akuda anakhulupirira n'kuthandiza Angerezi, kuyendetsa ngolo, kuchita ukazitape, ena kugwira mfuti ngati ku Mafeking. Koma pangano la mtendere la Vereeniging la pa 31 Meyi 1902 linati nkhani ya voti ya anthu akuda idikire mpaka azungu a m'madera a Mabuno atayamba kudzilamulira okha, ndiye kuti kuisiya m'manja mwa anthu omwe sankaifuna. Mu 1910 Angerezi ndi Mabuno anapanga dziko limodzi, mu 1913 lamulo la malo linasiyira akuda pafupifupi 7 peresenti ya dzikolo.

Za migodi zokha sizinadikire. Nkhondo ili m'kati eni migodi anakhazikitsa bungwe la Wenela kuti azilemba anthu kudzera khomo limodzi osapikisana pa malipiro, ndipo malipirowo anawatsitsa. Anthu atachepa boma la Milner linaloleza kubweretsa Matchaina oposa 60,000 kuyambira 1904, ndipo chaka cha 1903 anali atayamba kale kutenga amuna ku Nyasaland. Chibayo chinawapha kwambiri m'makomponi ozizira a ku Joni moti mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kuno kotentha, koma m'ma 1930 khomo lija linatsegulidwanso.