Mlangizi wa maphunziro: mafunso a ophunzira psychology ochokera kuno ku chigwa cha Shire

Pa tchuthi, ana a ku Chikwawa ndi Nsanje amene akuphunzira psychology (maphunziro a maganizo ndi khalidwe la munthu) amandifunsa zinthu zomwezomwezo. Ambiri ali ku UNIMA ku Zomba, komwe tinkati Chancellor College chisanafike chaka cha 2021. Nawa mafunso awo ndi mmene ndimawayankhira.

Kodi mlangizi ameneyu ndi ndani?

Ndi mphunzitsi wa m'dipatimenti yanu amene amakuunikirani pa makosi oti mutenge komanso mmene magiredi anu akuyendera. Ngati simunapatsidwe dzina, kagogodeni kwa mkulu wa dipatimenti mukafunse.

Ndipiteko liti?

Masabata awiri oyamba a semesita, kulembetsa makosi kusanatsekedwe. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: amakaonekera sapu (mayeso obwereza ukalephera) itatuluka kale, ena atamva kuti akufuna kuwidedwa (kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera), pomwe mlangizi angangokumverani chisoni basi. Ife a kuno tinaleredwa kuti wamkulu sumulowera m'nyumba asanakuitane. Ulemuwo ndi wabwino ku mudzi, koma ku koleji mphunzitsi amaika yekha pa chitseko maola oti mumupeze, ndipo nthawi zambiri amangokhala osaona munthu.

Ndikanene chiyani?

Musakangoti "Zikundivuta, bwana." Tengani zotsatira za semesita yatha ndi mafunso awiri kapena atatu olembedwa papepala. Mwachitsanzo: "Statistics ndinapeza pang'ono, kodi ndidzakwanitsa research methods chaka chamawa?" Funso ngati limeneli limayankhika. Ndipo statistics, kosi yosanthula manambala, musaithawe, mbali yaikulu ya psychology yatsamira pa iyo. Zimene mwagwirizana lembani pomwepo.

Madzi akasefukira n'kulephera kubwerera kusukulu, nditani?

Tonse tikukumbuka namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu March 2023, msewu utaduka, anthu ali m'misasa. Musadikire kuti mukafotokoze mutafika. Netiweki ikangopezeka, tumizani uthenga kwa mlangizi ndi ku dipatimenti, ndipo musaufufute. Kujomba mayeso mutadziwitsa ndi kungosowa osanena kanthu, ofesi imaziona mosiyana kwambiri.

Nanga kafukufuku wa chaka chachinayi?

Yambani kukambirana mutu mudakali m'chaka chachitatu. Apa wa ku chigwa ali ndi mwayi womwe anzake alibe. Mumalankhula Chisena kapena Chimang'anja, ndiye mayi wa ku Bangula kapena ku Makhanga amene anataya nyumba angakuuzeni za tulo tosabwera ndi mantha akamva mvula padenga, zomwe sangauze mlendo. Koma funsani mlangizi zinthu ziwiri: mmene mungamasulire mafunso a Chingerezi osasokoneza tanthauzo, ndi chilolezo chofunika musanafunse anthu nkhani zowawa chonchi.

Ndikamaliza ndidzakhala dokotala wa matenda a maganizo?

Ayi, ngakhale agogo ku Ngabu akuuza kale anthu choncho. Dokotala ameneyu, psychiatrist, amayamba waphunzira udokotala, ngati ku KUHeS (Kamuzu University of Health Sciences). Kuti mukhale clinical psychologist, wothandiza odwala maganizo pokambirana nawo, pamafunika masters (digiri yachiwiri). Digiri yoyamba imatsegula zitseko za uphungu, kafukufuku, ntchito za m'mabungwe ndi zoyang'anira antchito. Uzani mlangizi msanga komwe mtima wanu uli kuti makosi osankha agwirizane nako.

Za fizi ndi ngongole ya boma angathandize?

Ndalama sapereka, ndipo ngongole imayendetsedwa ndi bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board. Koma muuzenibe, akulozerani ofesi yoona za umoyo wa ophunzira.