Musanaitane mmisiri, dikirani kalata yovomereza

Munthu akamva kuti boma likupereka ndalama zokonzetsera nyumba zakale, maganizo amathamangira kwa mmisiri. Apa ndi pamene thandizo limatayikira. Ku England, khonsolo imatha kupereka mpaka £30,000 kuti nyumba ya munthu wolumala ikonzedwe: kukulitsa zitseko, kuika njira yotsetsereka pamene panali masitepe, kusintha bafa. Koma mukayamba ntchito khonsolo isanavomereze pempho lanu, mukhoza osalandira kalikonse.

Sikuti n'kuuma mtima. Woyendera nyumba ayenera kuona vutolo ndi maso ake, ayeze chitseko chimene njinga ya wolumala ikukanika kudutsa, aone mng'alu wapakhoma kapena phaso limene lafumbwa. Mukamata pulasitala n'kupaka penti, umboni mwaukwirira, ndipo malisiti okha sanganene mmene nyumbayo inalili.

China chimene anthu sawerenga pafomu ndi nkhani yobweza. Ku America, unduna wa zaulimi uli ndi dongosolo lotchedwa Section 504 lothandiza eninyumba osauka kwambiri akumadera akumidzi. Azaka 62 kapena kuposa atha kulandira mpaka $10,000 yochotsera zinthu zoika moyo pachiswe, monga mawaya amagetsi operepeseka. Mukagulitsa nyumbayo zaka 3 zisanathe, ndalamayo mubweza. Ku Ireland, dongosolo limene linayamba mu 2022 limapereka mpaka €50,000 pa nyumba imene yakhala yopanda munthu kwa zaka 2, ndi €70,000 ikakhala bwinja. Kumeneko lamulo lobweza limakutsatani zaka 10. Ine ndimaona kuti n'zachilungamo, chifukwa msonkho wa anthu suyenera kukometsa nyumba yoti mawa ili pamsika. Komabe amene akuganiza zosamuka aziwerengere bwino.

Chimene chimapweteka mabanja kwambiri n'chakuti m'madongosolo ena, monga la ku Ireland lija, ndalama zimabwera ntchito itatha ndiponso itayenderedwa. Simenti ndi malipiro a mmisiri muyamba mwalipira nokha, kapena mwakongola. Choncho musanasaine, funsani kuti ndalama zidzatuluka liti, zidzapita kwa inu kapena kwa kontirakitala, ndiponso ngati angakuloleni kuonjezera ntchito imene yatulukira pakati. Nyumba yakale imabisa zambiri: mukasasula denga mutha kupeza kuti mitengo yonse yadyedwa ndi chiswe, pamene chiwerengero chimene anavomereza chinali cha malata okha.