Kufunsa anzako pa WhatsApp si kafukufuku, ana inu

Chaka chilichonse ikafika nyengo ya ma proposal, pamene ophunzira amalemba dongosolo la kafukufuku wawo, ndimadziwiratu kuti mu ofesi mwangamu mulowa wina, mwina atatu mwina asanu, nkukhala pampando uku akunena kuti "Madam, ine topic yanga ndikufuna ndionetse kuti mafumu ndi amene amaononga chisankho", kapena "ndikufuna ndionetse kuti China ikutidyera masuku pamutu". Ndatopa nazo ndithu. Zaka zonsezi ndikuphunzitsa research methods kwa ana a political science funso langa limakhala lomwelomwelo: ngati yankho ukulidziwa kale, ku field ukukatani? Ndalama ya transport imene mayi ako agulitsira mbuzi ija ukufuna ukaionongerenji?

Kafukufuku amayamba ndi funso loti yankho lake likhoza kukutsutsa iwe mwini wake. Tengani nkhani ya China yomweyo. Malawi inali pa ubale ndi Taiwan kuyambira 1966, Taiwan inatimangira mpaka chipatala chachikulu cha Mzuzu, kenako kumapeto kwa 2007 boma la Bingu linatembenukira ku Beijing ndipo posakhalitsa tinaona nyumba ya malamulo ku Lilongwe ndi msewu wa Karonga-Chitipa, zomangidwa ndi China. Funso lenileni apa ndi loti bwanji 2007, osati nthawi ya Muluzi? Nanga bwanji Eswatini mpaka lero ikadali ndi Taiwan pomwe ena onse mu Africa anachoka? Limenelo ndiye funso, chifukwa uyenera kukatsegula Hansard, mabuku olembedwamo zokambirana za ku nyumba ya malamulo, kukafufuza manyuzipepala a nthawi imeneyo, kukapempha kucheza ndi anthu amene ankagwira ntchito ku unduna wa zakunja, ndipo ukhoza kubwerako utapeza zosiyana ndi zimene unkaganiza. Koma zoti "ndionetse kuti" zija ndi campaign chabe, kalembe pa Facebook, usabwere nazo kwa supervisor.

Tsono cholakwika chimene chimandipweteka mutu kwambiri ndi cha sample, anthu amene wawasankha kuti uwafunse. Mwana amabwera monyadira kuti data ndatolera kale madam, anthu 300. Ndikafunsa kuti anthuwo unawapeza bwanji, akuti ndinapanga Google Form nkutumiza m'ma group, la kalasi, la ku tchalitchi, la ma alumni a ku secondary. Kenako pa chapter five akulemba kuti "Amalawi ambiri akuganiza kuti..." Amalawi ake ati? Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 pa 100 aliwonse m'dziko muno amakhala kumudzi. Agogo ako aku Nthalire kapena ku Makhanga ali pa group limenelo? Ali ndi bundle? Koma tsiku lovota ndi amene amalawira pa mzere iwe ukadali mtulo. Mayi aliyense wogula chimanga pamsika amadziwa kuti suyang'ana chapamwamba pa thumba, umapisa dzanja mpaka pansi chifukwa chofumbwa amachibisa kumeneko, ndiye zimandidabwitsa kuti mwana wa fourth year akulephera nzeru imene mayi ake amaigwiritsa ntchito Loweruka lililonse.

Ndipo kuchuluka kwa anthu sikukupulumutsa ayi. Ku America mu 1936 magazini ya Literary Digest inatumiza makalata pafupifupi 10 miliyoni kufunsa anthu kuti avotera ndani pa chisankho cha pulezidenti, oposa 2 miliyoni anayankha, iwo nkulengeza kuti Alf Landon apambana. Roosevelt anatenga ma state 46 mwa 48. Maina ambiri anawatenga m'mabuku a matelefoni ndi a eni galimoto, nthawi imene osauka analibe zimenezo, komanso amene anavutikira kuyankha anali amene anali ndi mkwiyo ndi Roosevelt. George Gallup, katswiri wofufuza maganizo a anthu, anafunsa anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi amenewo koma anamulozera bwino wopambana. Kwathu konkuno chisankho cha 2014 chisanachitike bungwe lofufuza maganizo a anthu la Afrobarometer linafunsa anthu 2,400 okha, osankhidwa mwa maere m'zigawo zonse, nkupeza kuti Peter Mutharika ali patsogolo, Chakwera wachiwiri, Joyce Banda wachitatu ngakhale anali pampando, Atupele wachinayi. Anthu anatukwana kuti anthu 2,400 angayankhulire dziko lonse bwanji. Zotsatira zitatuluka mndandanda unali womwewo. Nkhani ili pa mmene wasankhira anthuwo, aliyense akhale ndi mwayi wofanana wogwera m'dzanja lako, basi.

China chimene mabuku ochokera kunja sangakuuzeni ndi chilankhulo. Questionnaire mwalemba m'Chingerezi, mukufika kumudzi mukumasulira pamutu pomwepo, aliyense mwa njira yake. Mawu oti "boma" okhawa, ukafunsa munthu kuti kodi boma mumalikhulupirira, iye akumva chani? Pulezidenti? Chipani cholamula? Kapena pa boma pamene pali ofesi ya DC? Ndiye wafika utavala bwino, folder m'manja, amfumu akuperekeza, munthu akungoona kuti awa ndi olemba maina a makuponi kapena a Mtukula Pakhomo, ayankha zoti asangalatse iwe. Nchifukwa chake a Afrobarometer kumapeto amafunsa munthu kuti mukuganiza kuti watituma ndi ndani. Masulirani mafunso musananyamuke, wina awabwezere ku Chingerezi muone ngati tanthauzo silinasochere, kayeseni kaye pa anthu khumi. Ndipo amfumu mukawalonjera, apempheni mwaulemu kuti pocheza ndi anthu awo asakhalepo.

Pali mnyamata wina amene mpaka lero ndikamuganiza mtima umandiwawa. Anali wanzeru kwambiri, woyamba m'banja mwawo kufika ku university, ndipo funso lake linali labwino kuposa la wina aliyense chaka chimenecho, ankafuna kudziwa ngati anthu amene amalandira ndalama ndi nsalu pa campaign amavoteradi amene wawapatsayo kapena amangodya nkukavotera wina. Proposal tinakonza limodzi bwinobwino. Kenako anayamba kusowa, ndikamuitana akuti madam ndili pa kaganyu kena ndipeze ya rent, sabata ya mawa ndibwera. Miyezi inadutsa. Kutatsala masabata atatu anatulukira ndi envelope yodzadza ma questionnaire 150 ndi ma table okongola a SPSS, pulogalamu ya pa kompyuta yowerengera data. Ndinatenga mapepalawo kupita nawo kunyumba, ndikuwatsegula usiku ndinaona kuti onse alembedwa ndi cholembera chimodzi chabuluu, dzanja limodzi, palibe ndi limodzi lomwe lopindika kapena lothimbirira ndi fumbi, pepala loti layenda pa kabaza m'midzi silioneka choncho. Ndiye ndinafika pa lina, mayi wa zaka 22, pa funso loti munayamba kuvota liti payankhidwa kuti pa referendum ya 1993. Munthu woti nthawi imeneyo anali asanabadwe nkomwe.

Mmawa mwake ndinamuitana, ndinatseka chitseko, sindinayankhule Chingerezi. Ndinati mwanawe, undiuze zoona, midzi imeneyi unapondako? Anakhala chete nthawi yaitali kenako misozi. Anali atapereka ndalama kwa munthu wina wa m'tauni amene amalengeza kuti amathandiza ma dissertation, ndalama yoti anachita kukongola, munthuyo nkukhala pansi tsiku limodzi kuphika data yonseyo. Sindikanatha kusaina. Malamulo anagwira ntchito yake, anauzidwa kuti abwereze, ndipo chaka chotsatira sanabwerenso, ndalama panalibe. Chimene chimandisowetsa mtendere nchoti akanabwera mwezi wachiwiri uja nkundiuza kuti madam ya transport ndilibe, tikanachepetsa ntchitoyo, akanacheza mozama ndi anthu 20 a m'dera limodzi loyandikira, nkulemba moona mtima kuti izi ndi za dera limeneli lokha, ikanakhala dissertation yabwino zedi. Inenso ndikanayenera kumusakasaka msanga, ndinaona kuti akusowa koma ndinali ndi ana ena ambiri.

Ndiye kwa inu makolo ndi inu ophunzira, anthu amene amamata mapepala m'mitengo ndi kulemba pa Facebook kuti timalemba proposal, data analysis, chapter one mpaka five mtengo wokambirana, amenewo ndi akuba. Ntchito imodzi amaigulitsa kwa ana angapo angosintha dzina la boma, pamene panali Dedza aikapo Ntcheu, nthawi zina amaiwala nkusintha komwe pa tsamba lina. Tsiku loti uyime pamaso pa aphunzitsi kuteteza ntchito yako iwo kulibe, foni yazimitsidwa, ndipo funso loyamba lokha loti sample yako unaisankha bwanji limakugwetsa. Pano kwabweranso ChatGPT, ana akubweretsa ma reference a mabuku oti sanalembedwepo ndi munthu, dzina la wolemba lenileni koma buku kulibe. Timafufuza, ndipo timapeza.

Zonsezi gwero lake ndi kuchedwa. Ethics clearance, chilolezo chotsimikiza kuti kafukufuku wako savulaza anthu ofunsidwa, imatenga nthawi, si ya sabata imodzi, ndipo osaiona ngati chipsinjo chifukwa mafunso a ndale akhoza kumuika munthu m'mavuto, mayi wakuuza kuti amfumu anatiopseza kuti tikavotera uje atilanda munda, iwe nkulemba dzina lake ndi mudzi wake mu appendix, ukabwerera ku tauni iye atsala ndi amfumuwo. Maina sitilemba. Kalata ya kwa DC imafunika, akuluakulu a m'maunduna amakuuza kuti bwerani Lachinayi, Lachinayi nkupeza ali ku workshop ku Salima, mvula ikayamba midzi ina sikufikika ndipo anthu ali kumunda sangasiye khasu chifukwa cha mafunso ako. Wofuna za mkangano wa nyanja ndi Tanzania ayenera kuwerenga yekha pangano la Heligoland la 1890, la pakati pa Britain ndi Germany lokhudza malire, limene aliyense amangolitchula, ndi kupita ku National Archives ku Zomba, kumenenso mafayilo sabwera mphindi imene wawaitanitsa.

Semester ino ndauza kalasi langa kuti aliyense pofika sabata yachinayi andibweretsere funso lake pa pepala limodzi, pansi pake alembe chinthu chimene atachipeza ku field angavomere kuti ankalakwitsa. Amene alibe ndalama yoyendera anene pomwepo tione chochita limodzi. Ndipo wosowa masabata awiri osaoneka, ndikumuimbira foni ndekha.