Chikwama chimafera pa chogwirira

Mwezi wathawu mayi wina wa ku Chibavi, kuno ku Mzuzu, anafika pa shedi yanga yowombera nsalu atapanira chikwama m'khwapa ngati nkhuku yopita nayo kumsika. Chinali chowomba pamanja, cha mizere yofiira ndi yachikasu, chokongola ndithu, koma chogwirira chimodzi chili lendelende. Akuti anaikamo mpunga wa Kilombero makilo asanu ndi phava la nthochi n'kukwera njinga ya sakramento. Asanafike n'komwe kwawo, mpunga uli pansi.

"Amayi, tangondisokerani. Ndinagula modula chimenechi."

Nditachitembenuza ndinaona kuti ulusi umene telala anasokera sunaduke ngakhale pamodzi. Imene inagonja ndi nsalu. Ulusi wake unangotsetsereka, wina uku wina uku, msoko n'kutsala ukugwira mphepo. Ndinawauza kuti chikwama chawocho chinawonongeka kalekale, chisanafike n'komwe kwa telala, tsiku limene wowomba wake ankayala ulusi pa makina.

Anthu akamadutsa pa shedi amati, "Mukuluka?" Ndimangovomera, poti kukana n'kutalikitsa moni. Koma kuluka ndi kuwomba n'zosiyana, ndipo kwa chikwama kusiyanako n'kofunika. Juzi amaluka ndi ulusi umodzi umene umakolanakolana wokha, n'chifukwa chake imatamuka mukaikoka. Nsalu yowomba ili ndi magulu awiri a ulusi. Wina umayalidwa mulitali n'kukungidwa kuti nga, wina umadutsa mopingasa, pamwamba, pansi, pamwamba, pansi, monga zimachitira nsungwi pa dengu. Wamulitaliwo ndiwo mafupa a nsalu. Wopingasa ndi mnofu chabe, ngakhale ndi umene maso a wogula amathamangira.

Makina ake alibe injini. Anga anandikhomera kalipentala, ndi matabwa ndi zingwe basi. Ulusi uliwonse wamulitali umadutsa pa kadiso kake. Ndikaponda chopondera chimodzi, theka la ulusi limakwera, theka limatsala, pakati n'kutseguka kanjira. M'kanjiramo ndimaponya kathabwa kooneka ngati bwato, konyamula ulusi wopingasa, kenako ndimakoka chipeso chachitsulo kuti chiutsendere pa unzake. Ndikaponda chinacho, wotsala uja ndiye umakwera. Ntchito yonse ndi yomweyo, ponda, ponya, tsendera, mpaka dzuwa kulowa.

Ena amaganiza kuti lusoli linabwera ndi mabungwe dzana lomweli. Ayi. David Livingstone atayenda m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuwomba nsalu zawo. Nsalu za m'sitolo zitachuluka lusolo linazilala, kaunjika n'kudzamalizitsa. Lero thonje limalimidwa ku Chikwawa, Nsanje, Balaka, Salima ndi Karonga, koma ine wokhala pa Mzuzu kuti ndipeze ulusi wa thonje wopotedwa bwino ndimachita kuitanitsa kutali. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Tibwerere ku mafupa aja. Tinene kuti ndikufuna chikwama cha masentimita 35 mulifupi. Sindingayale ulusi wa masentimita 35, chifukwa nsalu imafinyika m'mbali powomba, n'kudzafupikanso ikachapidwa. Ndimayala 40. Pa sentimita iliyonse, ndi ulusi wa thonje umene ndimagwiritsa ntchito, ndimaika zingwe zisanu ndi chimodzi, ndiye kuti zonse pamodzi ndi 240. Chikwama chimodzi chimadya nsalu ya masentimita 90: kutsogolo 40, pansi 10, kumbuyo 40. Ndikayala za zikwama zinayi, ndi mamita atatu ndi masentimita 60. Onjezanipo za kufupika, za m'mipendero, ndi ulusi wa kumapeto umene umatsalira pa makina osawombeka, mupeza mamita asanu. Zingwe 240 za mamita asanu chilichonse ndi mamita 1,200. Ulusi woposa kilomita, ndisanaponye n'kamodzi komwe. Ndipo chingwe chilichonse ndimachilowetsa pa diso lake ndi pa mpata wake wa chipeso, chimodzichimodzi, nditawerama. Tsiku limatha. Chikasokonekera chimodzi, mzere wolakwika umayenda nsalu yonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto.

Apa ndi pamene munthu wofuna phindu lamsanga amabera. M'malo mwa zingwe zisanu ndi chimodzi aika zitatu kapena zinayi. Ulusi wapulumuka, msana wapulumuka, ndipo nsalu imatuluka yofewa bwino, yokoma kuigwira. Ikanakhala sikafu, palibe mlandu. Koma chikwama ndi wantchito. Chikasenza katundu, ulusi wotalikirana ulibe choukaniza, umangosuntha, ndipo umayambira pamene pali msoko. Ndi zimene zinawagwera mayi a ku Chibavi aja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mtundu wa ulusi nawo uli ndi mawu. Ulusi wolukira majuzi ndi zipewa za ana, umene uli mbwee m'misika, ambiri amautcha wulu koma si wa nkhosa, ndi wa pulasitiki. Mitundu yake ndi yowala, mtengo wake ndi wabwino, koma umatamuka ndipo ukakhuzika umachita timibulu. Kuuponya mopingasa kuti upereke maluwa, ndilibe nazo vuto kwenikweni. Kuuyala mulitali ndiye ayi. Chikwama chake mukaikamo kachewere chimatalika mpaka kumakumenyani m'mawondo. Wamulitali uzikhala thonje lopotedwa zolimba, loti mukalikoka ndi manja awiri lizikulumani zala lisanaduke.

Chimene ine ndimakonda kuponya mopingasa ndi zidutswa za zitenje. Ndimatola kwa atelala, kuchapa, n'kudula timizere ta sentimita imodzi ndi theka kapena awiri. Zikatsenderedwa bwino zimapanga nsalu yokhuthala, yoti chikwama chimaima chokha pa tebulo, ndipo maluwa a chitenje amasweka n'kusanduka timadontho toti simungawombenso tofanana nato. Khonje nalo limalimba, koma limakanda, ndipo pa phewa la bulauzi yabwino silifunika.

Kawombedwe wamba, ka pamwamba kamodzi pansi kamodzi, ndi kamene kamagwirana kwambiri, poti ulusi umakumana paliponse. Kawombedwe ka mizere yopendekeka, ngati ya pa jinzi kapena pa lichero, kamakongola ndipo nsalu yake imapindika mosavuta, koma kamafuna ulusi wothithikana kuposa apo. Maluwa amene ulusi wake umadumpha zingwe zambiri n'kumayandama pamwamba, amenewo amakola makiyi ndi zikhadabo. Pa chikwama cha kumsika sindiikapo.

Nsalu ikatsika pa makina sinathe. Ndili wophunzira, ndinatenga nsalu yanga yoyamba n'kuthamangira nayo pa sizasi, mtima uli dyokodyoko. Nditangodula, m'mphepete munayamba kumasuka ndikuona, ngati tsitsi lochotsa mesh. Ndinapulumutsa yotsalayo, kusoka, kuika nsalu yam'kati, n'kukagulitsa. Patatha masabata awiri mwini wake anabwera nacho atachichapa. Kunja kunafupika, yam'kati sinafupike, inali tutumba pakamwa pa chikwama ngati lilime la ng'ombe. Ndinabweza ndalama. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndachapa nsalu m'madzi ofunda ndi sopo kuti ifupikiretu ndi kugwirana, kuiyanika, kuisita. Kenako ndimasoka zigizagi mizere iwiri, n'kudula pakati pake. Sizasi ndiye womaliza.

Tsopano chogwirira. Katundu yense wa m'chikwama amathera pa malo anayi ang'onoang'ono pamene zogwirira zalumikizidwa. Makilo asanu a mpunga, ndi kugwedezeka kwa njinga m'mabampu, zonse zimakakoka pomwepo. Chogwirira chongosokerera kukamwa ndi mzere umodzi chimakoka zingwe zochepa chabe, ndipo zimenezo zikatopa basi. Njira yodalirika ndi lamba mmodzi wamtali amene amatsika mbali imodzi, kudutsa pansi pa chikwama, n'kukwera mbali inayo, atasokedwa njira yonse. Apo katundu amakhala pa lamba ngati mwana pa mbereko, nsalu imangomufunditsa. Ngati lamba sazungulira, atsike masentimita osachepera asanu ndi atatu, asokedwe kabokosi kokhala ndi mtanda pakati, ndipo kuseri kwake kukhale kachigamba ka nsalu yolimba kogawa mphamvuyo.

Lambayo ndimawomba payekha, ulusi wamulitali nditauthithikiza mpaka wopingasa osaoneka, kuti asatamuke. Ena amagula wa nayiloni wopangapanga, ndipo sindiwanyoza, amalimba. Kungoti amaterera pa phewa. M'lifupi mwake asachepere masentimita atatu. Kachingwe kowonda kamaoneka bwino pa chithunzi cha pa Facebook, koma yendani nako kuchoka mumsika waukulu kukafika ku Chiputula, mudzapeza kakuchekani.

Zimenezi zayamba kufunika kwambiri chifukwa ntchito ya chikwama yasintha. Boma linaletsa majumbo opyapyala, osafika mamaikironi 60, mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Majumbowo sanatheretu, tonse timawaona m'ngalande, koma amene amabwera kwa ine masiku ano safunanso kachikwama koikamo Baibulo ndi mpango pokha. Akufuna cholowa kabichi, botolo la mafuta ndi usipa wa ku Nkhata Bay, ena laputopu ndi mabuku a ku Mzuni.

Ndiye mukamagula, maluwa muwaone pomaliza. Kwezani chikwama kudzuwa, muone ngati kuwala kukudutsa m'mipata. Kandani nsalu ndi chikhadabo: ulusi ukasuntha n'kusiya kabowo, chisiyeni. Chitembenuzeni muone misoko ngati m'mphepete mwake mwatsekedwa. Gwirani chogwirira ndi dzanja limodzi, thupi la chikwama ndi linalo, mukoke ndithu, osachita manyazi, uku mukuyang'ana pa msoko ngati nsalu ikuyasama. Wowomba wodziwa ntchito yake sangakwiye nazo. Ine ndimasunga mapaketi asanu a shuga pa shedi, wofuna kuyesa amaika yekha n'kuyenda nacho kufika pa msewu.

Za mtengo timakangana tsiku ndi tsiku. "Ku msika wa Taifa ndipeza zitatu pa ndalama imeneyi." N'zoona, ndipo ngati mukufuna cha miyezi ingapo, kagulenikoni, palibe cholakwa. Cha fakitale chimatuluka pa mphindi zochepa. Changa chadya tsiku loyala ulusi, masiku owomba, kuchapa, kusoka. Sindingapikisane nacho pa mtengo.

Nyengo ya kuno imatithandiza kwina n'kutipweteka kwina. Chinyezi cha Mzuzu ulusi wa thonje umachikonda, suduka wambawamba ngati m'mwezi wa Okutobala kukauma. Koma chikwama chokhuthala chikanyowa ndi mvula yamawawa ija chimachedwa kuuma, ndipo mukachiponya kuseri kwa chitseko chimachita chuku, madontho akuda osachoka. Chapani ndi manja m'madzi ozizira, osachipotokola, osachimenyetsa pa mwala. Finyani pang'onopang'ono, chitembenuzeni, muyanike pamthunzi podutsa mphepo, osachipachika ndi zogwirira chili chonyowa. Usipa ndi tomato muziyamba mwakulunga.

Cha mayi a ku Chibavi chija sindinathe kuchisandutsa nsalu ina. Ndinasula zogwirira zonse ziwiri, n'kumata nsalu ya jinzi yakale m'kati monse kuti ulusi usayendenso, kenako ndinazunguliza lamba watsopano kudutsa pansi. Pobwera kudzatenga anachikoka okha, kawiri, n'kufunsa ngati mpunga ungalowemonso.

"Makilo awiri, mayi. Asanuwo musenze pamutu."