Mwaika injini ina, galimoto ikuwira? Siyani kupotoza distibyuta ndi khutu

Pali mawu amene ndatopa nawo pagalaja: "Amakaniko, ingoipotozani pang'ono distibyutayo, ikoka." Distibyuta ndi kachipangizo kamene kamagawira mapulagi moto. Woyankhula chonchi nthawi zambiri amakhala kuti wangoika kumene injini ina m'kagalimoto kake, Starlet kapena Corolla, injini yochotsedwa m'hafukati ya ku Japan, theka la galimoto yodulidwa pakati. Galimoto ikulira koma siikukoka, kapena ikukoka koma ikuwira. Wina wamuuza kuti vuto ndi taimingi, nthawi imene pulagi imathetheka, ndipo nthawi zambiri amakhala kuti sanamunamize. Bodza lili pamene akuti taimingi amaseta ndi khutu, munthu atagwira distibyuta dzanja limodzi, dzanja lina akukoka waya wa pedulo ya moto mpaka injini "imveke bwino". Injini imene yaima pagalaja, yopanda katundu, imamveka bwino kwambiri moto wa pulagi ukafulumira mopitirira muyezo. Khutu limakondwa ndi chinthu chimene chikukaphwanya pisitoni pachitunda.

Tinene za mainjini amene ali mbwee m'misewu yathu. 4E-FE ya Starlet ndi 1331cc, ndipo ambiri amaichotsa n'kuikamo 5E-FE ya 1497cc. Mu Corolla amachotsa 5A-FE ya 1498cc n'kuikamo 4A-FE ya 1587cc, ena olimba mtima mpaka 7A-FE ya 1762cc. Onsewa moto wake umayenda m'masilinda motsatana 1-3-4-2, ndipo amene ali ndi distibyuta amafuna kuti pulagi ithetheke madigiri 10 pisitoni isanafike pamwamba penipeni. Nambala imeneyi makaniko aliyense amaiimba pamtima. Chimene ambiri amadumpha ndi chakuti madigiri 10 amenewo amawerengedwa injini itatentha, osaponda moto, ndiponso mutalumikiza TE1 ndi E1 ndi kawaya m'kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS kamene kali m'boneti. Kawayako kamauza kompyuta boksi kuti ichotseko dzanja lake, taimingi iime malo amodzi. Popanda kawayako kompyuta imakhala ikusunthasuntha moto payokha, inu n'kumathamangitsana ndi chizindikiro chimene sichikuima. Mukamanga bawuti pamenepo mwamanga pa nambala yabodza.

Ndipo mukalumikiza kawayako injini osasintha kalilidwe ngakhale pang'ono, musafulumire kunena kuti zili bwino. Onani sensa ya pathrotolo, imene imauza kompyuta ngati mwaponda moto kapena ayi. Posintha injini anthu amakonda kusamutsa throtolo bodi yakale, sensa n'kumangidwa mopendekera, kompyuta osadziwa kuti phazi lachoka pamoto. Ikapanda kudziwa zimenezo, kawaya kanu kangokhala kokongoletsa.

Koma ngakhale tochi ya taimingi, nyali yophethira imene amaunikira nayo kamzere ka taimingi, imatha kunama, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa pali galimoto ina imene mpaka lero imandiwawa mumtima. Inali Corolla ya takisi, mwini wake bambo wachikulire amene anaigula ndi ndalama zopumira pantchito. 5A itatha, anakongola ndalama n'kugula 4A yabwinobwino, yoyera mkati, yosatulutsa utsi. Amene anaiika anaona kuti pule ya kutsogolo kwa kilankishafuti siikugwirizana ndi malamba a galimotoyo, ndiye anachotsa pule ya injini yakale n'kuimanga pa yatsopano. Zimenezi zimachitika tsiku ndi tsiku ndipo pazokha si tchimo. Koma pule imeneyi ndi zitsulo ziwiri, chamkati ndi chakunja, zomatidwa ndi rabala pakati. Rabalayo akakalamba, chitsulo chakunja, chimene chili ndi kamzere ka taimingi, chimatsetsereka pang'onopang'ono. Pa galimoto imeneyi chinali chitatsetsereka kale. Munthu uja anabwereka tochi, anaunika, anaika kamzere pa 10, n'kunena kuti wamaliza. Moto weniweni unali utafulumira kutali.

Bambo aja anayamba kumva kaphokoso akamakwera chitunda ali ndi anthu, kulira ngati timiyala tikugubuduka m'chitini. Anauzidwa kuti ndi petulo wa masiku ano. Galimoto itayamba kuwira, wina wa pansi pa mtengo anachotsa themositati n'kuitaya. Itapitiriza kuwira anagula radiyeta. M'mawa inkalira msanga, koma ikatentha sitata inkachita ngati yagwidwa pakhosi, ndiye anagulanso batire. Zizindikiro zonsezi zinkaloza malo amodzi, koma aliyense ankachiza chake. Ndipo bamboyo sakanatha kuimika galimoto tsiku lathunthu, chifukwa ngongole inkafuna ndalama ya tsiku ndi tsiku. Pamene inkafika kwa ife inali ikupumira mu kapu ya oyilo. Titatsegula tinapeza pisitoni yachiwiri itagumuka m'mbali, pakati pa maringi, gasiketi itapsa. Injini imene ikanawatumikira zaka zambiri inathera pamenepo. Chimene chimandipweteka n'chakuti kufufuza kumene kukanaipulumutsa sikufuna ngakhale kugula chipangizo.

Kufufuza kwake ndi uku. Musanakhulupirire kamzere ka papule, chotsani pulagi yoyamba, lowetsani kandodo kowongoka kapena sikuludiraiva yaitali pabowopo, zungulizani injini ndi sipanala pang'onopang'ono, osati ndi sitata. Kandodoko kakwera, kaima kanthawi, kenako kayamba kutsika. Pakati pa kuimako ndiye pamwamba penipeni. Tsopano yang'anani pule. Kamzere kali pa 0? Ngati kali kwina, pule ikunama, kaya chifukwa cha rabala, kaya chifukwa ndi ya injini ina, kaya kachitsulo kamene kamaigwira pa shafuti kadyeka. Sinthani pule. Musapake choko pamalo atsopano n'kupitiriza ulendo, chifukwa chitsulo chimene chayamba kutsetsereka sichisiya.

Pule ikanena zoona, tsegulani chivindikiro cha lamba wa taimingi muone ngati chizindikiro cha kamushafuti chili pamalo pake. Anthu ambiri amasokoneza zinthu ziwiri: nthawi imene mavavu amatseguka, ndi nthawi imene pulagi imathetheka. Pa mainjini amenewa distibyuta imazunguliridwa ndi kamushafuti, ndiye lamba akaphonya dzino limodzi, zonse ziwiri zasokonekera limodzi. Mukhoza kubweza moto popotoza distibyuta, koma mavavu atsalabe kolakwika, galimoto ikhalabe yofooka ndi yakumwa mafuta. Chizindikiro chake n'chosavuta: mukaona distibyuta yapotozedwa mpaka bawuti yagunda kumapeto kwa mpata wake, dziwani kuti wina akubisa lamba wolakwika. Distibyuta ya injini yolongosoka imakhala chapakatikati. Zoti lamba wa injini ya m'hafukati amasinthidwa isanalowe m'galimoto sindichita kukuuzani.

Moto wochedwa nawo uli ndi zake, ngakhale suphwanya msanga. Galimoto imalemera, pachitunda cha Chiweta kapena Khwekhwerere mumachita kubwerera ku giya yoyamba, mafuta amatha ngati thanki yabooka, ndipo usiku mukatsegula boneti mutayenda mtunda mukhoza kupeza manifodi ya ekizozi itafiira. Mafuta akupsera panjira yotulukira m'malo mopsera pamwamba pa pisitoni. Mavavu a ekizozi ndi amene amalipira.

Tsopano kompyuta boksi. Ogulitsa ena amakuuzani kuti "ndi Toyota yomweyo, ilira." Inde ilira. Koma madigiri 10 aja ndi poyambira chabe. Mukangoponda moto, amene amalamula kuti moto ufulumire bwanji ndi kompyuta, ndipo kompyuta ya 5A inalembedwera 5A. Madistibyuta nawo amasiyana mkati malinga ndi chaka, ena mpaka pulagi ya mawaya siilowana, ndiye mumapeza munthu wadula mawaya n'kulumikiza mongoyerekeza mitundu, n'kukulunga tepi. Palinso ma 5E ena a kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 amene alibiretu distibyuta, ali ndi makoyilo awiri ndi sensa ya pakilankishafuti. Wogula injini yotere n'kufuna kuiyendetsa ndi kompyuta ya Starlet yakale wadzigulira ntchito yaikulu.

Galimotoyo imatha kukuuzani yokha chimene chikuivuta, ngati wina sanachotse babu ya check engine kuti isamasowetse mtendere mwini wake, chizolowezi chimene ndimadana nacho kwambiri. Kawaya komwe kaja ka TE1 ndi E1, kiyi ali pa ON injini isanalire, nyaliyo imaphethira manambala. 12 ndiye kuti kompyuta siikulandira uthenga wa kuzungulira kwa injini. 14 ndi mbali ya iginaita, kachipangizo kamene kamayatsa koyilo. 52 ndi knock sensor, sensa yomva kugogoda kwa injini, pa mainjini amene ali nayo. Imeneyi imakhala pabuloko, kumalo kovuta kufikako, ndipo oika injini amaiwala kulumikiza waya wake kapena amauthyola. Kompyuta ikaona kuti sensayo kulibe imachedwetsa moto podziteteza, galimoto n'kufooka. Ndiye wina amabwera n'kupotoza distibyuta kuti mphamvu ibwerere, pamene mlonda amene akanamva kugogoda kwa injini ndi yemweyo wachotsedwayo.

A Vitz, a Passo, inu nkhani yanu ndi yaifupi. 1SZ, 2NZ, 1NZ ndi 1KR zilibe distibyuta, koyilo ili pamwamba pa pulagi iliyonse, ndipo palibe chopotoza. Wina akakulipiritsani kuti "waseta taimingi" pa injini zimenezi osatsegula chivindikiro cha tcheni, mufunseni chimene wagwira. Vuto likakhalapo limakhala tcheni chotamuka kapena choikidwa molakwika, sensa ya kilanki kapena ya kamu, VVT-i, imene imasintha nthawi yotsegukira mavavu, yotsekeka ndi oyilo wakuda, kapena kompyuta yosagwirizana ndi injini. Makina owerengera makodi akaonetsa P0335, P0340 kapena P0016, yambirani pamenepo, osati pogula makoyilo atsopano.

Mukamakagula injini, kaya ku Biwi, ku Ndirande kapena kudzera mwa oitanitsa kunja, kambiranani mtengo wa injini pamodzi ndi kompyuta yake, hanesi yake (mtolo wa mawaya) yosadula, distibyuta, iginaita, throtolo bodi ndi pule, zonse zochokera m'hafukati imodzi. Wogulitsa akakana kapena akati anagulitsa kale padera, werengerani mtengo wodzazisaka chimodzichimodzi musanapereke ndalama. Ndipo tsiku lotenga galimoto kugalaja, pemphani kuti aunike tochi inu muli pomwepo, kawaya kali pa TE1 ndi E1, kamzere kataima nji pa 10. Mukatuluka n'kumva timiyala tija pachitunda choyamba, bwererani tsiku lomwelo, osadikira kumapeto kwa mwezi.